Mlenje patsogolo, msilikali pambuyo

Anzanga a mu kalabu, patsamba la mbiri mwezi uno ndikufunsani: kodi nzeru zatsopano za mfuti zimayambira kwa ndani? Ambiri muyankha msanga kuti kwa asilikali. Koma mbiri ikuonetsa kuti kangapo konse anayamba ndi alenje, asilikali n'kumatsatira pambuyo.

Tiyambire ku Scotland. Alexander John Forsyth anali m'busa wa mpingo ku Belhelvie, kufupi ndi Aberdeen, ndipo ankakonda kusaka abakha akutchire. Mfuti za nthawiyo zinali zothira onga kukamwa, ngati gogodera amene agogo athu amasimba, ndipo zinkayatsidwa ndi mwala. Mwala unkakhula chitsulo, moto n'kugwira onga wapanja, kenako wam'kati. Bakha ankaona kuthwanimako n'kuuluka chipolopolo chisanatuluke. Mvula ikagwa ndiye basi, onga wanyowa, mfuti yakana. Forsyth anapeza njira yoyatsira ndi mankhwala ophulika akangomenyedwa, ndipo mu 1807 analandira chikalata cha boma chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yake.

Mukuganiza kuti asilikali anathamangira? Ayi ndithu. Anamupatsa malo ogwirira ntchito ku Tower of London, koma mkulu woyang'anira zida atasintha, anamuchotsa. Forsyth anatsegula shopu ku London, ndipo ogula ake anali anthu okonda kusaka. Amisiri ena anapititsa nzeruyo patsogolo mpaka kupanga kachisoti ka mkuwa kosunga mankhwala aja. Asilikali a Britain anadzailandira patapita zaka zoposa 30, cha m'ma 1840.

Tidumphe zaka zana, tiwolokere ku America. Mu 1950 kampani ya Remington inatulutsa chipolopolo chaching'ono cha .222, cha alenje a tinyama ting'onoting'ono. Akatswiri anachikulitsa pang'ono, n'kukhala chipolopolo cha mfuti ya M16, ndipo mu 1980 NATO inavomereza mtundu wake, 5.56 mm, kuti mayiko ake onse azigwiritsa ntchito. Mu 1962 kampani yomweyo inatulutsa mfuti yosakira ya Model 700. Pofika 1966 asilikali a Marines anali ataitenga kuti ikhale ya owombera patali pa nkhondo ya ku Vietnam, n'kuitcha M40. Palinso Ronnie Barrett wa ku Tennessee, amene ntchito yake inali yojambula zithunzi. Mu 1982 anapanga mfuti yaikulu ya .50 n'kumagulitsa kwa anthu wamba. Asilikali a Sweden anagula mu 1989, a America n'kupita nayo ku nkhondo ya ku Gulf mu 1991.

N'chifukwa chiyani zimatere? Gulu lankhondo likasintha mfuti, ndiye kuti lagula masauzande ambiri, laphunzitsanso asilikali onse, lasinthanso zipolopolo. Likalakwitsa, anthu ake amafa. Choncho limayenda ngati nanzikambe. Mlenje amagula imodzi ndi ndalama zake. Ikamukhumudwitsa sabwereranso kwa wogulitsayo. Makampani amapikisana kuti amukope, ndipo mu mpikisanowo ndi mmene nzeru zatsopano zimayesedwa.

Koma dziwani kuti njira imeneyi ili ndi kobwerera. M'ma 1960 kampani ya Colt inayamba kugulitsa kwa anthu wamba AR-15, m'bale wake wa M16. Mfuti ya mtundu womwewu ndi imene inapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook mu 2012.

Ndiye anzanga, mukamamva mayiko akukangana za malamulo a mfuti, musamaganize kuti ya mlenje ili pakepake, ya msilikali pakepake. Ndi banja limodzi, limabwerekana nzeru. Kodi malire ayenera kukhala pati? Lembani maganizo anu, tidzakambirane pa msonkhano wathu ukubwerawu.