Lupanga Linasintha, Nzeru Zinatsala

M'zaka za m'ma 1500, mwamuna waulemu wake ku Spain ankayenda ndi lupanga m'chiuno, ndipo mkangano waung'ono unkatha kusiya mtembo pamsewu. M'masiku amenewo Jerónimo Sánchez de Carranza wa ku Seville analemba buku limene linasindikizidwa m'chaka cha 1582, lophunzitsa kuti wogwira lupanga adalire masamu koposa ukali. Chiphunzitsochi chinatchedwa La Verdadera Destreza, kutanthauza luso lenileni. Amene anachikuza ndi Luis Pacheco de Narváez, yemwe mu 1624 anaikidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa malupanga wa Mfumu Philip IV.

Mwa mfundo zake, zitatu zinali zazikulu. Yoyamba inali kuyeza mtunda: munthu aime pamene angathe kuona zonse zimene mdani akuchita, koma nsonga ya mdaniyo isanamufike. Yachiŵiri inali ya mapazi: m'malo mothamangira kutsogolo kumene kuli nsonga, munthu azipondera chammbali ngati akutsata mzere wozungulira wojambulidwa pansi. Yachitatu, yotchedwa atajo, inali kusanjika lupanga lako pamwamba pa la mdani ndi kulipanikiza kuti lisoŵe njira.

Zonsezi zinakonzedwera lupanga lalitali, lowongoka, lobayira. Koma pofika zaka za m'ma 1800 lupanga lotere linali litatha ntchito. Asilikali tsopano ankanyamula lupanga lokhota, lotemera, limene Aspanya amati sable. Kodi nzeru za Carranza zikanakwiriridwa pamodzi ndi chida chake?

Aphunzitsi ena anakana. Ku Mexico, m'chaka cha 1809, Simón de Frías anatulutsa buku la lupanga lokhota lotsata maina ndi mfundo za Destreza. Ku Toledo, mu 1862, Jaime Merelo y Casademunt, mphunzitsi wa asilikali oyenda pansi, analembanso za lupanga lomwelo m'njira ya Chispanya.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Akatswiri akale anali ataona kale kuti wobaya amangotumiza nsonga kutsogolo, pamene wotema amayamba wakweza lupanga asanalitsitse. Pakanthaŵi kakukwezako mkono wake umakhala pamtetete. Tsono amene wayeza bwino mtunda amalasa mkonowo, kapena amapondera pambali, lupanga la mnzakeyo n'kutema mphepo. Kwa msilikali, kudziŵa zimenezi kunali kusiyana kwa kubwerera kwawo ndi kutsala kunkhondo.

Masiku ano maseŵera a lupanga lotere amachitikira pa kanjira ka mamita 14 m'litali, kosapitirira mamita 2 m'lifupi, kotero malo ozungulira mdani palibe. Komabe anthu amene akuŵerenganso mabuku akalewo amayeserera mfundozi m'zipinda zazikulu, ndipo wophunzira watsopano amayamba wauzidwa zoti ayeze mtunda ndi kusamala popondera, asanaphunzire kutema.