Mbiri ya Malire a Madera a Aphungu, Monga Ionekera kwa Kanyenda

Pa malire onse amene munthu wa kwa Kanyenda amakhala pakati pake, a munda, a mudzi, a mfumu ndi a boma, alipo ena amene saoneka ndi maso, popeza palibe chulu, mtengo kapena mwala wowasonyeza, koma ndiwo amene amalamula kuti mawu ake adzalemera motani m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Amenewa ndi malire a dera la phungu. Ndipo popeza pachisankho cha pa 16 September 2025 tinavota m'madera odulidwa mwatsopano, okhala ndi maina atsopano, kuli koyenera kuti tifunse kumene mwambo umenewu unachokera, ndi chifukwa chake m'dziko muno kalembera aliyense amabala mipando yoonjezera, osabala chilungamo chokwanira.

Nzeru yoyamba mwawerenga anthu musanawagawire ndi yakale ndithu, pakuti buku la Numeri limasimba kuti Mose anawerenga ana a Israyeli m'zidikha za Moabu, kuti fuko la anthu ambiri lilandire cholowa chachikulu ndi la anthu ochepa chaching'ono. Makolo athu sanawerenge mitu motero. Mbiri ya pakamwa imati Kanyenda anali mwa mafumu amene anafalikira m'dziko muno kuchokera kwa Kalonga, ndipo dziko la mfumu linkathera pa mtsinje, pa phiri, kapena pamene anthu analekera kutula mitulo; Jumbe, amene anakhazikika pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, analamulira ndi mfuti ndi malonda, osati ndi mapu. Mapu anafika ndi atsamunda mu 1891, natcha dera lino Marimba, nayamba kuwerenga nyumba kuti adziwe msonkho, kotero kuti kwa agogo athu mlembi wofika pamudzi ndi buku anali chizindikiro cha tsoka. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa ku Zomba mu 1907 lopanda Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Awiri oyamba analowamo mu 1949 mochita kusankhidwa ndi Bwanamkubwa, ndipo asanu a mu 1956, mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anasankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, osati ndi anthu a m'midzi.

Dera la phungu monga tilidziwira lero linabadwa pachisankho cha pa 15 August 1961, pamene panali mipando 28, 20 ya m'kaundula wa anthu wamba ndi 8 ya m'kaundula wa ochita bwino. Ndipo madera ambiri anangotsata malire a maboma a atsamunda, pakuti ovota anali opitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu oposa 3 miliyoni. Mu 1964 mipando inafika 53. Kuyambira 1966, pamene dziko linasanduka la chipani chimodzi, chiwerengero chinangokwera: 60 mu 1971, 87 mu 1978, 101 mu 1983, 112 mu 1987, kufikira 141 mu 1992. Ine ndimakhulupirira kuti nthenda yathu inayambira pamenepa. Pamene phungu aliyense anali wa Kongeresi, ndipo Ngwazi inali ndi mphamvu yoonjezera aphungu ena mwa kufuna kwake, malire sanali nkhani yoti munthu n'kuikangana, ndipo kuonjezera mpando kunali mphatso ya mtsogoleri kwa anthu ake. Tinazolowera kuganiza kuti dera latsopano ndi chaulere chochokera kumwamba, tisanaphunzire kuti ndi muyeso umene uyenera kulingana kwa onse.

M'zaka zomwezo dziko la Kanyenda linasandulika. Kampani ya Lonrho inatsegula minda ya nzimbe pa chigwa cha Dwangwa, fakitale niyamba kupanga shuga mu 1979. Mabanja ena anasamutsidwa pa malo a makolo awo, ndipo m'malo mwawo munadzaza odula nzimbe, oyendetsa mathirakitala, amalonda ndi ana awo, ochokera m'maboma akutali a kumwera ndi kumpoto. Dera limene linali la asodzi a usipa ndi alimi a chinangwa ndi mpunga, Atonga ndi Achewa, linakhala tauni ya zilankhulo zambiri. Anthu amasamuka kutsata ntchito, koma mzere wa pa mapu umakhala pomwe unasiyidwa kufikira wina ataukumbukira, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndiko kumabala mlandu wonse umene tikukamba.

Amene ndimawapatsa ulemu woyamba m'mbiri imeneyi ndi alembi a malamulo aakulu a dziko a mu 1994. Anthu atakana chipani chimodzi pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo bungwe la chisankho lotsogozedwa ndi Justice Anastasia Msosa litayendetsa chisankho cha pa 17 May 1994 m'madera 177, gawo 76 la malamulowo linaika mfundo zomveka bwino: kuti bungwe la chisankho lidule malire mosakondera, kuti madera akhale ndi anthu oyenera kuvota ofanana chiwerengero monga kungathekere, poganizira kokha kuthithikana kwa anthu, kuvuta kwa mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, ndi malire a maboma amene alipo kale, kuti malirewo aunikidwenso zisanapitirire zaka zisanu, ndipo, chimene ndimachiyesa chanzeru koposa zonse, kuti Nyumba ya Malamulo ivomereze malirewo koma isasunthe mzere uliwonse mwa iyo yokha. Alembiwo anadziwa mtima wa munthu. Anadziwa kuti phungu wopatsidwa cholembera adzakhotetsa mzere kuti mudzi wa omuvotera ugwere mkati, wa omukana ugwere kunja, monga anachitira a chipani cha Elbridge Gerry ku Massachusetts mu 1812, pamene anajambula madera a nyumba ya malamulo ya chigawo chawo mokhotakhota kuti apambane. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo.

Tsono tifike pa chaka cha 1998, chimene ndimachiyesa mphambano ya nkhani yonse, chifukwa m'chaka chimenecho kalembera ndi kudula malire zinakomana, koma sizinapatsane moni. Mu September ofesi ya kalembera ya ku Zomba inatumiza alembi ake m'midzi monse, nipeza anthu 9.9 miliyoni, koma lipoti lomaliza la ntchitoyo linadzatuluka mu 2000, pamene bungwe la chisankho, lotsogozedwa ndi Justice William Hanjahanja, linali litadula kale madera, chisankho chitachitika, aphungu atalumbira kale. Bungwelo linabwera ndi ganizo la madera atsopano 70, ndipo 42 mwa iwo anali a chigawo cha kumwera, kumene chipani cholamula cha UDF cha a Bakili Muluzi chinali ndi mizu yake. A MCP ndi a AFORD, amene mphamvu zawo zinali pakati ndi kumpoto, anaona msampha, nakuwa kolimba. Ndipo mkangano utatha panatsala madera atsopano 16 okha, 11 kumwera ndi 5 pakati, kumpoto kosalandira kanthu. Motero tinafika pa 193: kumpoto 33, pakati 73, kumwera 87. A Hanjahanja anatula pansi udindo chisankho chisanafike, a Justice James Kalaile nalowa m'malo mwawo, ndipo tsiku lovota linasunthidwa kufika pa 15 June 1999.

Ambiri amasimba nkhaniyi ngati ya kuba kokhakokha, koma ine sindigwirizana nawo kotheratu. Chigawo cha kumwera chinali ndi anthu pafupifupi 47 pa 100 aliwonse, pamene mipando yake mu 1994 inali 76 mwa 177, ndiko kuti 43 pa 100. Kumpoto, kumene kunali anthu 12 pa 100, kunali ndi mipando 33, pafupifupi 19 pa 100. Dandaulo la kumwera linali loona. Cholakwa chinali m'kachitidwe: ntchito yofuna kudekha inagwiridwa mothamanga chisankho chili pakhomo, popanda chiwerengero chotsimikizika choti aliyense n'kuwerengera yekha, ndipo mapeto ake anafanana ndi malonda a pa doko, pamene mwini chilimira atchula mtengo wokwera, wogula natchula wotsika, nagwirizana pakati osayang'ananso kukula kwa chigoba. Choipa koposa n'chakuti panalibe mmodzi, wa boma kapena wotsutsa, amene analimba mtima kunena kuti kulinganiza kumafuna kuchotsa kwa amene ali ndi zambiri. Onse anavomerezana mwakachetechete kuti mpando ukaperekedwa subwezedwa, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku America, kumene kalembera amachitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1790, mipando ya nyumba yawo ya aphungu inaimitsidwa pa 435, kotero kuti chigawo chimene anthu ake sachuluka msanga chimataya mpando, china nichiutola. Ndipo mu 1964, chaka cha ufulu wathu, bwalo lawo lalikulu pa mlandu wa Reynolds v. Sims linagamula kuti ngakhale madera a nyumba za malamulo za m'zigawo akhale a anthu ofanana chiwerengero. Sindinena kuti iwo ndi oyera, pakuti kukhotetsa mizere kukadalipo kwawo mpaka lero. Ndinena kuti anaphunzira kuchotsa, chimene ife sitinachiyesepo.

Mkangano wa 1998 unaopsa onse kotero kuti ntchito inagona. Lamulo linati zaka zisanu, koma tinavota mu 2004, mu 2009, mu 2014 ndi mu 2019 m'madera 193 omwewo, pamene kalembera wa 2008 anapeza anthu 13 miliyoni ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Pofika 2014 dera la Likoma linali ndi ovota osakwana 7,000, pamene la Lilongwe City Centre linali ndi opitirira 120,000, onse awiri ndi phungu mmodzimmodzi. Za Likoma nzomveka, pakuti chilumba sichingalumikizidwe ndi mtunda popanda kuzunza anthu ake. Koma za madera a pamtunda oyandikana, lina lodzaza, lina lopepuka, palibe chodzikanira nacho. Mlandu umenewu ndimauika pa aphungu a zipani zonse a zaka zimenezo, amene anapindula ndi tulo timeneti, ndi pa maboma amene sanaone chifukwa chofulumizitsa ntchito imene ikanasokoneza anthu awo.

Kuno ku Nkhotakota tulo timeneti tinali ndi mtengo wake. Boma lathu linali ndi anthu pafupifupi 230,000 mu 1998, niliposa 390,000 mu 2018, koma linakhalabe ndi madera asanu a maina a mphepo, la kumpoto, la kumpoto chakum'mawa, la pakati, la kumwera ndi la kumwera chakum'mawa, maina amene nkhalamba ya pa Ngala kapena pa Kasitu sinkaatchula konse, koma inkangotchula dzina la phungu. Ndipo chiyambire 2006, pamene thumba la chitukuko cha m'dera linakhazikitsidwa, nkhani inaleka kukhala ya mavoti okha, chifukwa thumbalo limapereka ndalama zofanana ku dera lililonse mosayang'ana kuchuluka kwa anthu. Dera lodzaza ngati la kuzungulira Dwangwa limagawira mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu pakati pa anthu ambiri, ndi ndalama zomwezo zimene dera lopepuka limagawira ochepa. Amene anaona madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 akudziwa kuti mlatho umodzi pano si nkhani yaing'ono.

Koma mlandu suola. Bungwe la chisankho lotsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale linayamba ntchitoyi mu 2021, chisankho chili kutali zaka zinayi, litagwira m'manja zotsatira za kalembera wa 2018; linakomana ndi makhonsolo, mafumu ndi zipani, nilipachika mapu poyera kuti anthu aone ndi kudandaula, ndipo Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2022. Madera anafika 229, mawodi a makhansala nachoka pa 462 kufika 509. Chigawo cha pakati, chimene chinatsalira kwambiri, chinalandira madera 20 mwa 36 atsopanowo, kumwera 12, kumpoto 4. Ndipo m'boma lathu munamveka maina onga Dwangwa, Liwaladzi ndi Chia, amene mwana aliyense angaloze kumene ali. Pa kudekha kwawo, ndi pa kudikira kalembera asanagwire cholembera, a Kachale ndi anzawo ayenera kuyamikiridwa, ndipo ndiwaika pambuyo pa alembi a gawo 76 okha. Koma ulemu wonse sindiwapatsa, chifukwa nawonso analinganiza poonjezera, ndipo palibe chigawo chimene chinataya mpando. Chigawo cha pakati, chokhala ndi anthu 43 pa 100, chili ndi mipando 93, imene siifika 41 pa 100, pamene aphungu 36 atsopano afuna malipiro, galimoto ndi thumba la chitukuko kuchokera m'misonkho ya dziko losauka.

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028, ndipo chimene adzapeza kwa Kanyenda ndicho chidzakhala umboni wathu malire akadzaunikidwanso. Chifukwa chake ndipempha a Gogo Chalo, magulupu ndi anyakwawa onse kuyambira ku Bua kufikira ku Dwambazi, kuti alembi akadzafika, asadzasiyidwe msodzi wogona pa zitando za kudoko, kapena wodula nzimbe wa m'makomboni, kapena banja limene madzi analithamangitsira kumtunda. Ndipo mapu akadzapachikidwa ku boma, tidzapite tikawaone ndi maso athu, tikafunse chiwerengero cha ovota a dera lathu ndi cha dera loyandikana nalo, aphungu asanatifotokozere za kukoma kwa mpando wina woonjezera.