Mbiri ya maluwa a chitenje: kuchoka ku Java kufika m'misika ya ku Malawi

Dzina loti "java", limene amalonda amatchula zitenje zina m'misika ya ku Malawi ndi Zambia, ndi la chilumba cha m'dziko la Indonesia kumene kunakhwimira luso lotchedwa batik. Mawu oti batik amatanthauza njira yokongoletsera nsalu imene mmisiri amayamba wajambula maluwa ndi phula losungunula, kenaka n'kuinyika mu utoto, kotero kuti paliponse pamene padutsa phula utoto sulowapo. Amisiri a ku Java ankadontheza phulalo ndi kachipangizo kamkuwa kotchedwa canting, ndipo nsalu imodzi inkatha kuwatengera miyezi ingapo. Bungwe la UNESCO linaika lusoli pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2009.

M'zaka za m'ma 1800, pamene Java anali pansi pa ulamuliro wa dziko la Netherlands, mafakitale a ku Ulaya anayamba kukopera maluwa a batik pa makina, pofuna kugulitsa nsalu zotchipa kwa eni lusowo. Ina mwa iwo ndi imene Pieter Fentener van Vlissingen anayamba kuyendetsa ku Helmond mu 1846, yomwe lero imadziwika kuti Vlisco. Nsalu za pa makina zinkatuluka ndi timizere ta utoto wolowa m'ming'alu ya phula, ndipo anthu a ku Java anaona timizereto ngati chilema, pamene ogula a ku Gold Coast, komwe tsopano ndi Ghana, anatikonda kwambiri nsaluzi zitafika kumeneko cha m'ma 1890 kudzera mwa wamalonda wa ku Scotland, Ebenezer Brown Fleming.

Kuchokera pamenepo ojambula a m'mafakitale anayamba kumvera zofuna za amayi a ku Africa, koma sanataye zakale, pakuti maluwa atsopano ambiri ankabadwa mwa kusintha mitundu, kukula kapena kaikidwe ka zojambula zosungidwa m'mabuku a fakitale. Chitsanzo chotchuka ndi nsalu ya Angelina, imene Toon van de Manakker wa ku Vlisco anaijambula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 potengera chovala chakale cha ku Ethiopia, ndipo pambuyo pake inakhala nsalu yosokera malaya otchedwa dashiki, amene anthu akuda a ku America anawavala monyadira kwawo kochokera. Ku Lomé, m'dziko la Togo, amayi ogulitsa nsalu otchedwa Nana Benz, chifukwa cha magalimoto a Mercedes-Benz amene ankayendera, ndiwo ankasankha maluwa oyenera kusindikizidwanso ndi kuwapatsa maina, mwakuti nsalu yopangidwa ku Ulaya inkasanduka mwambi wa m'mudzi.

Ku Malawi, fakitale ya David Whitehead and Sons ya ku Blantyre inasindikiza zitenje kwa zaka zambiri, ndipo nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda amayi a mbumba ankavina atavala nsalu zokhala ndi nkhope yake pakati pa maluwa. Kajambulidwe kameneka sikanathe ndi ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1994, chifukwa zipani, mipingo ndi mabungwe anakatengera, aliyense n'kuikapo chizindikiro chake.

Akatswiri a zaluso a masiku ano akukumba mbiri yomweyi mwadala. Yinka Shonibare, wobadwira ku London mu 1962 n'kukulira ku Lagos, anaonetsa pa bwalo la Trafalgar Square ku London mu 2010 chifanizo cha sitima ya Nelson, mkulu wakale wa asilikali apanyanja a ku Britain, chili m'botolo, matanga ake, ndiye kuti nsalu zokola mphepo, ali a maluwa a chitenje, pofuna kukumbutsa kuti nsalu imene ambiri amaiyesa ya ku Africa kokha inayenda pa njira za malonda ndi za utsamunda. Mwambi umati tsabola wakale sawawa, koma pa nkhani ya nsalu zikuoneka kuti wakaleyo ndiye mbewu, popeza telala wa ku Limbe amene akusoka jekete ya java lero akupitiriza ntchito imene inayambira pa dontho la phula.