Mlatho, Mafakitale ndi Apolisi a ku Kafue

Tauni ya Kafue inayamba chifukwa cha mlatho. Mu 1906 njanji yochokera ku Livingstone kupita ku Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, inafika pa mtsinje wa Kafue, ndipo kampani ya Pauling inamangapo mlatho wa mamita 427, wautali kuposa milatho ina yonse ya njanji ya Rhodesia nthawi imeneyo. Anthu analiko kale m'dera lino: Asoli chakumpoto ndi kummawa, Atonga kutsidya, Abatwa m'madambo momwe ankapha nsomba, Agoba kumunsi ku Chiawa. Koma boma la atsamunda silinabwere kudzafuna iwo. Linabwera kudzadutsitsa katundu. Mfundo yanga ndi yakuti chiyambi chimenechi chinaumba upolisi wa ku Kafue kuposa mkulu wa apolisi wina aliyense amene anakhalapo pampando ku Lusaka. Wapolisi anaikidwa pano kuti alondere zodutsa ndi zomangidwa, ndipo bata la m'makomboni, pamene linalipo, linkachokera kwina.

Gulu la Northern Rhodesia Police linapangidwa mu 1911 pophatikiza apolisi a ku Barotse ndi a ku North-Eastern Rhodesia, ndipo linali la usilikali ndi upolisi pamodzi mpaka mu 1932. Mapolisi ake ambiri anandandalika m'mbali mwa njanji ndi ku migodi, kumene kunali azungu, masitolo ndi mafamu awo. Kumidzi mlandu wa ng'ombe, wa munda kapena wa banja unkapita kubwalo la mfumu, ndipo ogwira anthu anali akapaso ndi mamesenjala a bwana DC. Motero munthu wa ku Kafue ankakumana ndi wapolisi akalowa m'tauni, pofunsidwa chitupa ndi msonkho. Mu 1949 bungwe la Beit Trust linaika mlatho wa galimoto pa mtsinjewu, pogwiritsa ntchito zitsulo za mlatho wongoyembekezera umene unali pa mtsinje wa Thames ku London. Mu 1955 sukulu ya apolisi inatsegulidwa ku Lilayi, pa msewu womwewu wa pakati pa Kafue ndi Lusaka, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo la Public Order loletsa misonkhano yopanda chilolezo. Lamuloli linalunjika anthu ngati Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, yemwe anaphunzira pa sukulu ya a Methodist ku Kafue komweko. Apolisi amene anaphunzitsidwa m'zaka zimenezo anaphunzira kuona khamu la anthu akuda ngati chinthu chofunika kuchibalalitsa.

Ufulu utabwera, kusintha kwa utsogoleri kunali kwenikweni ndipo sindikukuchepetsa. Pa 1 Novembala 1965 Michael Mataka anakhala Mzambia woyamba kutsogolera apolisi onse m'dziko. Koma patangopita masiku khumi Ian Smith analengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia, ndipo Kafue inasanduka khomo loyang'ana kunkhondo. Mukangowoloka mlatho, msewu umagawika: wina wa ku Livingstone, wina wa ku Chirundu pamalire. Malirewo anatsekedwa mu 1973, ndipo mu 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia, kuphatikizapo wa Chambeshi. Dziko linakhala pansi pa malamulo a nthawi ya chipwirikiti kuyambira 1964 mpaka 1991. M'nyengo yotere panalibe mkulu wa apolisi, ngakhale wanzeru chotani, amene akanachotsa maso pa mlatho, pa damu la magetsi la Kafue Gorge ndi pa fakitale ya feteleza, n'kuwaika pa mayi wobedwa nkhuku ku komboni ya Zambia Compound. Rodibuloko inakhala nkhope ya boma ku Kafue, ndipo mlendo aliyense wofunsa njira ankakayikiridwa.

Nanga ndani ankasunga bata m'tauni? Ntchito. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma, kudzera m'kampani yake ya INDECO, linasankha Kafue kukhala tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga feteleza mu 1970, Kafue Textiles inkaluka ndi kudinda nsalu, kunalinso fakitale yofufuta zikopa ya Bata, ndipo nyumba za Kafue Estates zinamangidwa kuti mukhale ogwira ntchito. Anthu anabwera kuchokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama ndi ku migodi, Chinyanja n'kukhala chilankhulo cha pamsika. Munthu wa pafakitale ankapezako malipiro, nyumba, chithandizo cha kuchipatala ngakhale timu ya mpira, monga Nitrogen Stars. Akamenya mnzake ku bawa, mbiri inkafika kwa kapitawo, ndipo kutaya ntchito kunali kutayanso denga la ana ake. Pamwamba pa izi panali matcheyamani a chipani cholamula cha UNIP m'magawo onse a komboni, amene ankaweruza mikangano ya pampopi ndi ya m'banja, nthawi zina mwachilungamo, nthawi zina mwankhanza kwa amene analibe khadi la chipani. Apolisi ankaoneka okwanira chifukwa milandu yambiri sinkafika n'komwe pa kauntala yawo.

Zonsezi zinagwa m'kanthawi kochepa. Chipani chimodzi chitatha mu 1991, matcheyamani anataya mphamvu, ndipo kuyambira 1992 makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Msika utatsegulidwa, salaula ndi nsalu zotchipa zakunja zinafooketsa Kafue Textiles mpaka makina anaima, ndipo ogwira ntchito anadikira ndalama zawo zaka zambiri. Fakitale ya feteleza inatsala ikupuma movutikira, malipiro akuchedwa miyezi. Amene kale ankadzuka ndi belu la fakitale anatsikira kumtsinje ndi maukonde, ena anayamba kuotcha makala m'mapiri, kuphika kachasu kapena kugulitsa nsomba kwa apaulendo. Zambiri mwa ntchito zimenezi zili m'mphepete mwa lamulo. Kupha nsomba n'koletsedwa kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale chaka chilichonse, pa chifukwa chomveka choti nsomba ziswane, koma imeneyo ndiyo miyezi ya njala, ndipo kale inalinso ya fizi ya sukulu. Apa wapolisi, poperekeza akuluakulu a za nsomba kapena a za nkhalango, anayamba kukumana ndi anthu a ku Kafue monga wolanda ukonde ndi thumba la makala. Udindo umene fakitale, chipani ndi mfumu ankagawana unagwera pa polisi yomwe inakonzedwa kuti iyang'anire msewu.

Wina anganene kuti ndikupeputsa atsogoleri, ndipo umboni wake ndi wamphamvu. M'nthawi ya Francis Ndhlovu, amene anatsogolera apolisi kuyambira 1994, kunayamba ntchito yokonzanso upolisi, ndipo nthambi ya Victim Support Unit inakhazikitsidwa, lamulo n'kuipatsa mphamvu. Kwa mkazi wamasiye amene achibale a mwamuna ankabwera kudzanyamula mipando, mafiriji ndi mapepala a nyumba maliro asanathe, nthambiyi inali chinthu chogwirika, makamaka m'zaka zimene Edzi inkapulula mabanja m'matauni ngati Kafue. Ndikuvomereza. Koma taonani chimene chinapangitsa kuti kusinthaku kukhalitse: kunalembedwa m'lamulo, kunapatsidwa chipinda ndi wapolisi wake pa polisi iliyonse, ndipo mipingo ndi mabungwe a amayi anaphunzitsa anthu kugogoda pakhomopo. Ndhlovu anachoka, ofesiyo inatsala. Chimodzimodzi ndi bungwe lolandira madandaulo a anthu pa apolisi, lomwe linabwera ndi lamulo la 1999. Phindu la mtsogoleri limafika ku komboni ya Shikoswe pokhapokha akasiya chinthu chimene sichidalira dzina lake.

Kusintha kwina kwa pampando kulibe chipatso chotere. Kuyambira 2008 apolisi atsogoleredwa ndi Francis Kabonde, Martin Malama, Stella Libongani, yemwe mu 2012 anakhala mayi woyamba pa udindowu, Kakoma Kanganja, Lemmy Kajoba ndi Graphel Musamba. Malama analowa Michael Sata atangopambana mu 2011, Kajoba analowa patangopita masiku ochepa Hakainde Hichilema atalumbira mu Ogasiti 2021, ndipo Kajobayo anachotsedwa mu Epulo 2023. Mkulu wa apolisi amasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo akasintha, akuluakulu a m'zigawo ndi a m'maboma nawonso amasunthidwa. Phunziro limene wapolisi wamng'ono amatolapo ndi lakuti tsogolo lake lili m'manja mwa a kumtunda, osati mwa anthu a m'dera limene akugwiramo ntchito. Kafue ili pafupi kwambiri ndi likulu, ulendo wa ola limodzi, kotero maso a bwana wa polisi amakhala ku Lusaka ndi ku msewu umene akuluakulu amadutsapo.

Palinso amene amati kusamutsa apolisi pafupipafupi kumateteza anthu, chifukwa wapolisi wokhalitsa amayamba kudyera limodzi ndi ozembetsa katundu ndi eni mabawa. Nkhawayi ndi yoona, makamaka pa tauni imene malole a ku Chirundu ndi ku Livingstone amakumanirana. Koma ziphuphu za pa rodibuloko sizifuna kudziwana; zimayenda bwino pakati pa anthu amene sadzaonananso. Chimene chimafuna kudziwana ndi kufufuza mlandu: kudziwa doko limene mabwato amakocheza usiku, banja limene mwana wake wasiya sukulu, m'busa kapena tcheyamani wa msika amene anthu amamumvera. Akale anati mlendo ndi mame, ndipo mboni siipereka moyo wake m'manja mwa munthu amene mawa akupita ku Solwezi. N'chifukwa chake magulu olondera a m'makomboni amadzaza mpatawo, ndipo pamene palibe wowayang'anira, wakuba amamenyedwa asanafike kupolisi.

Lero Kafue ikumangidwanso. Fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries ikugwira ntchito, ndipo damu la Kafue Gorge Lower, la mamegawati 750, linamalizidwa mu 2023. Izi ndi zinthu zamtengo wapatali zofunika alonda, monga mlatho wa 1906, ndipo boma lidzawapeza. Koma mafakitale atsopanowa samangira antchito tauni yonse monga inachitira INDECO, choncho mikangano ya malo, ya lendi ndi ya m'banja ipitirira kubwera pa kauntala ya polisi. Khonsolo ya Kafue, mafumu a Nkomeshya ndi a Chiawa pamodzi ndi mipingo ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira ku likulu la apolisi kuti ndi apolisi angati amene ali pa msewu, ndi angati amene ali ku Zambia Compound ndi ku madoko a asodzi, komanso kuti bwana wa polisi amapatsidwa zaka zingati asanasamutsidwe.