Mbedza si ukonde

Ena amatchula chida chilichonse chogwirira nsomba kuti mbedza. Ayi ndithu. Mbedza ndi kachitsulo kokhota kaja kamene msodzi amasomekapo nyambo, ndipo dzinali linachokera ku mawu akuti "kuwedza". N'chifukwa chake usipa sawedza, amachita kugwira ndi ukonde wa chilimira.

Koma nsomba zina amachita kuwedza. Mwachitsanzo, ku America, madzi a m'nyanja akayamba kufunda cha mu Epulo ndi Meyi, nsomba za bass ndi crappie zimabwera kosaya kudzaikira mazira. Apo ndiye mbedza imagwira ntchito. Crappie imafuna kambedza kakang'ono ndi dzanja lofatsa, chifukwa milomo yake ndi yopyapyala. Mukakoka mwaukali imang'ambika, nsomba n'kupita. Koma bass ndi yadyera zedi, imakhwithula ngakhale nyambo yapulasitiki.