Makapu atatu a mkaidi wa ku Dadu

Loweruka lapitali ndinaphika nkhuku osathiramo ngakhale dontho la madzi. Mumphika ndinathira kapu ya vinyo wa mpunga, kapu ya sosi wa soya ndi kapu ya mafuta a chitowe, kenako jinja ndi adyo, n'kuvundikira pamoto wochepa. Ku China ndiwoyi amaitcha sanbeiji, kutanthauza nkhuku ya makapu atatu. Msuzi ukuphwera, ine maganizo anali pa munthu amene dzina lake limatchulidwa nthawi zonse akamakamba za mphika umenewu, Wen Tianxiang.

Bamboyu anabadwa mu 1236 m'chigawo cha Jiangxi. Mu 1256 anaposa anzake onse pa mayeso olowera ntchito ya boma la mfumu. Tsoka lake, ufumu wa Song umene ankautumikira unali utapanikizidwa kale ndi a Mongol. Anasonkhanitsa asilikali, anamenya nkhondo, mpaka anagwidwa ku Guangdong. Mu 1279, ali mkaidi m'sitima ya adani, anaona ndi maso ake asilikali omaliza a Song akugonja panyanja ku Yamen. Tangoganizani, abale, dziko lako likutha iwe ukuonerera.

Anapita naye ku Dadu, komwe lero ndi Beijing, ndipo anakhala m'ndende zaka zitatu. Kublai Khan anamulonjeza udindo waukulu akangovomera kumutumikira. Iye anakana, n'kupempha imfa basi. Anamupha kumayambiriro kwa 1283.

Nanga nkhuku ikulowa pati? Anthu a ku Jiangxi amasimba kuti mlonda wina wa ndendeyo, wochokera kwawo komweko, anamumvera chisoni mkaidiyu. Anapeza nkhuku n'kuiphika mumphika wadothi ndi zochepa zimene anali nazo: mowa wa mpunga, sosi wa soya ndi mafuta a nkhumba, chilichonse kapu imodzi. Akuti atabwerera kwawo ku Ningdu, ankaphika nkhuku yomweyo chaka ndi chaka pokumbukira malemuwo.

Za mayeso, ndende ndi imfa zili m'mabuku a mbiri. Za mlondayu ndi nthano yapakamwa, ndipo ngakhale dzina alibe. Komatu ndi iyeyo amene amandikhudza kwambiri. Ine mtima wa Wen ndilibe, Kublai akanandiopseza kamodzi kokha ndikanagwada. Koma zimene anachita mlonda zija ndingathe. Chitseko sakanatsegula, chilango sakanasintha, koma anaonetsetsa kuti munthu wakwawo asafe osalawanso chakudya chakumudzi.

Ndiwoyi itafika ku Taiwan, mafuta a nkhumba analowedwa m'malo ndi a chitowe, ndipo anayamba kuponyamo masamba a basil pomaliza. Ndi mmene ndinaphikira inenso. Nditavundukula, msuzi unali utada n'kumata panyama, ukali wa vinyo utauluka, kutangotsala kafungo kake. Ndinapakula mbale ziwiri, ina n'kukapatsa mlonda wa pageti pathu.