Mtanda Wopindika ndi Malamulo a ku Germany

Usiku woti kukacha ndi Khirisimasi m'chaka cha 1959, amuna awiri achinyamata ananyamula utoto napita ku sunagoge wa Ayuda mumzinda wa Cologne, ku West Germany. Pakhoma pake anajambulapo mtanda wopindika nsonga, umene dzina lake ndi swastika. Nyumbayo inali itangotsegulidwanso miyezi itatu m'mbuyomo. M'masabata otsatira, mitanda yotereyi inamera pa makoma mazanamazana ngati bowa wa m'dzinja.

Omvera angadabwe kuti utoto chabe unanjenjemeretsa bwanji dziko lonse. Chizindikirochi nchakale kwambiri, ndipo ku India, pakati pa Ahindu ndi Abuda, chimaimira mwayi ndi mtendere. Chipani cha Nazi cha Adolf Hitler chinachitenga mu 1920, ndipo mu 1935 chinakhala mbendera ya dziko. Pansi pa mbenderayo Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa. Nkhondo itatha mu 1945, maiko opambana anathetsa chipanicho. Ku Nuremberg asilikali a ku America anachita kuphulitsa ndi bomba swastika wamkulu amene anali pamwamba pa bwalo la misonkhano ya Hitler.

Manyazi a ku Cologne anafulumizitsa aphungu, ndipo mu 1960 malamulo anakhwimitsidwa. Ndime 86a ya malamulo a milandu imalanga woonetsa poyera zizindikiro za Nazi ndi chindapusa kapena ukaidi wofika zaka zitatu. Mphunzitsi wa mbiri yakale, wofufuza ndi mmisiri wa zaluso lamuloli siliwakhudza, pakuti mwana sangapewe njoka imene sanaionepo.

Koma otsatira Hitler a masiku ano sanagone. Anayamba kulemba nambala 88, popeza H ndi chilembo chachisanu ndi chitatu, ndipo ma H awiri amaimira moni wolemekeza Hitler. Ena anafukula mbendera yakale ya ufumu, ya mitundu yakuda, yoyera ndi yofiira. Ena ankakweza dzanja ndi zala zitatu zokha. Mu 1994 aphungu anawonjezera mau oletsanso zizindikiro zofanana kwambiri ndi zoletsedwazo.

Nthawi zina ukonde unkakola nsomba yolakwika. Mu 2006 khoti la ku Stuttgart linalipitsa wamalonda wina amene ankagulitsa mabaji ndi malaya a swastika wokhwatchidwa, ngakhale kuti katundu wake anali wodzudzula Nazi poyera. Khoti lalikulu la apilo linafafaniza chigamulocho mu 2007, litaona kuti munthu wokhwatcha mtanda sakuulemekeza.

Chaka chomwecho boma la Germany linafuna kuti chiletsocho chifalikire ku maiko onse a m'bungwe la European Union. Ahindu okhala ku Ulaya, makamaka a ku Britain, anakana kwamtuwagalu, nakumbutsa aphungu kuti makolo awo ankajambula chizindikirocho pazitseko zaka zikwi Hitler asanabadwe. Ganizolo linasiyidwa.